Mabokosi Aang'ono a ku Istanbul

Zaka zimene ndinkakhala ku Barking, mumzinda wa London, ndinkagwira ntchito yosamalira mayi wina wokalamba wa ku Turkey. Ankakhala ku Ilford, pamwamba pa shopu ya zipatso imene malemu amuna awo anasiya. Shopuyo ankayendetsa ndi ana awo awiri aamuna, koma anawo sankalankhulana.

Chaka china mu Okutobala, mwana wamkulu anabwera ndi matikiti awiri a ndege. Anati amayi akaone kwawo ku Istanbul, ine ndiwaperekeze. Ndinasangalala kwambiri. Mayiwo anangowayang'ana matikitiwo osawakhudza.

Tsiku lachitatu tili kumeneko, anandipempha kuti ndiwapititse ku mzikiti wina wakalekale, womangidwa ndi mafumu awo. Ndinawakankha panjinga yawo ya olumala m'msewu wamiyala wokwera mtunda mpaka manja kuwawa. Pakhomo tinavula nsapato, ine n'kufunda mpango kumutu. Ndine Mkhristu, ndipo kanali koyamba kulowa mumzikiti. Ndinkafuna kuona bwino denga lalitali lija, koma mayiwo sanachedwe ndi pemphero.

"Tiye kuseri, mwana wanga," anatero. "Chimene ndadzera chili kumeneko."

Kuseriko kunali nyumba yamiyala ya denga lozungulira, pakati pa mitengo yakuda. M'kati munali mozizira, ndipo munkanunkha nsalu zakale. Pakati panali bokosi lalikulu la maliro, lokutidwa ndi nsalu yobiriwira, kumutu kwake ataikako nduwira yoyera. Mayiwo anati mitembo ili pansi, mabokosiwo ndi chizindikiro chabe. Kenako ndinaona enawo. Anandanda m'mbali mwa lalikululo, aang'onoang'ono, ena osaposa mkono wanga, lililonse ndi kanduwira kake.

"Unali mliri, Amayi?" ndinafunsa.

"Ayi. Awa anali ana a mfumu. Bambo awo atamwalira, mkulu wawo analowa ufumu. Analamula kuti abale ake onse awanyonge ndi chingwe, kuti pasadzapezeke womulanda mpando."

"Ndi makanda omwe?"

"Ndi makanda omwe."

Anandiuza kuti ndiwasunthire pafupi. Anagwira m'mphepete mwa nsalu ya kabokosi kamodzi, mlonda wa pamalopo n'kutsokomola, koma iwo sanachotse dzanja.

"Ukuganiza kuti anditumiziranji kuno?" anandifunsa. "Wamkulu uja sanandigulirepo ngakhale tikiti ya basi. Imbira wamng'ono."

Ndinatuluka panja n'kuimba. Foni yake inali yozima. Ndinaimba kushopu, inangolira osayankhidwa, chonsecho anali masana a Loweruka, nthawi imene anthu amadzaza. Nditaimbira wamkulu, anayankha msangamsanga, akupuma ngati wathamanga.

"Zonse zili bwino," anatero. "Amayi musawapatse foni. Asangalale."

Nditabwerera m'kati, ndinawanamiza kuti foni sikugwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati tizipita. Masiku anayi otsalawo sanatulukenso m'chipinda. Chakudya ankangochigwiragwira.

Titatera ku London, wamkuluyo anadzatitenga yekha, dzanja lamanja litakulungidwa bandeji. Ankayendetsa galimoto ndi lamanzere. Amayi ake ankangoyang'ana dzanjalo ulendo wonse mpaka ku Ilford.

M'mawa mwake mayi wa shopu yoyandikana anandikokera pambali. Anati Loweruka lija anamva phokoso la makatoni akugwa ndi munthu akukuwa, kenako kunabwera ambulansi. Wamng'ono uja anali m'chipatala ku Romford, nsagwada ndi nthiti zitathyoka. Apolisi anauzidwa kuti anagwa pa masitepe.

Atatuluka m'chipatala, anasamukira kumpoto kwa England ndi banja lake, osadzatsanzika. Ndinagwirabe ntchito m'nyumba ija chaka china chathunthu. M'mawa uliwonse ndikangofika, mayiwo ankandituma pawindo kuti ndione galimoto imene yaima pansipo. Ndinkawauza kuti ndi ya wamkulu, iwo n'kunena kuti nditseke katani.