Mabowo awiri pa foloko

Aliyense wokwera njinga kwa Makhuwira amawadziwa a Lorenso. Amakhala pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika, pakati pa mulu wa marimu akale ndi beseni la madzi akuda loyesera machubu. Luso analitenga ku Nchalo ali mnyamata, pomwe ankakonza njinga za odula nzimbe, ndipo anabwera nalo kumudzi pamodzi ndi bokosi la masipanala. Madzi osefukira anawagwetsera nyumba kawiri, koma bokosilo ankatuluka nalo atalisenza pamutu. Akazi awo, mayi Filomena, amanena mpaka lero kuti madzi akadzafika m'khosi, a Lorenso adzayamba kupulumutsa sipanala, mkazi pambuyo.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Rimu yopindika ngati nthochi ankaiwongola akucheza, osayang'ana n'komwe masipoko. Anyamata a kabaza ankadutsa okonza njinga atatu panjira kuti afike pa nimu paja. Chilema chawo chinali chimodzi chokha: mawu oti "sindidziwa" anali asanatulukepo pakamwa pawo, ndipo imvi zinawapeza akadali otero.

Mwa ana awo asanu, amene ankamunyadira poyera anali Chisangalalo, mlangizi wa zaumoyo, woyenda m'midzi kukweza ana sikelo ndi kupereka katemera. Dokotala wina wachilendo, amene anagwira naye ntchito m'misasa ya anthu othawa madzi, anamusiyira njinga pobwerera kwawo. Njinga yake inali yodabwitsa. Mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala onenepa, kaliyala palibe, ndipo kupepuka kwake munthu ankainyamula ndi zala ziwiri. M'chilimwe inkauluka pafumbi, anthu n'kumaima m'minda kuti aione.

Mvula itagwa, ulemu wonse unatha. Dothi la makande likanyowa limamata, ndipo njingayo inalibe madigadi. Chisangalalo ankafika kusikelo ali ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, wina pachibwano. Amayi ankabisa kamwa m'zitenje, kenaka mmodzi analephera kupirira, nati alangizi amera mchira. Loweruka lotsatira, m'mawa, Chisangalalo anakankhira njingayo kwa bambo ake.

A Lorenso anaitembenuza, naigoneka chagada, nayamba kufufuza timabowo tolowetsa mabauti a madigadi. Anayang'ana pa foloko, palibe. Kumbuyo pafupi ndi ekiselo, palibe. Anapukuta ndi chala poganiza kuti utoto watseka, koma paliponse panali see. Anyamata a kabaza anayi amene ankadikira pabenchi anasendera pafupi.

"Baba, njinga zotere sizikhala ndi mabowo," anatero Chisangalalo, akutulutsa foni. Anawaonetsa chithunzi cha madigadi apulasitiki, aafupi, ochita kumangirira ndi timalamba ta mphira. "Mnzanga wa ku Blantyre atha kunditumizira pa minibasi, koma papita milungu iwiri. Poyembekeza, mwina tingodula chigubu n'kumanga ndi legeni ya chubu chakale monga amachitira anyamatawa."

"Chigubu?" anatero a Lorenso. "Mwana wa Lorenso aziyenda ndi chigubu cha mafuta ophikira kumatako? Legeni ndi yomangira nkhuni, mwananga. Pano timamanga ndi bauti."

"Adokotala anandiuza kuti foloko iyi si yachitsulo. Anati isabooledwe."

"Si yachitsulo? Ndiye ndi yachinangwa?"

Anyamata aja anaseka mpaka wina kugwa pabenchi. Chisangalalo nayenso anaseka, chifukwa kutsutsa bambo ako pamaso pa anthu si mwambo, ndipo anali asanaonepo njinga yowakanika. Anaisiya n'kupita.

Tsono apa ndi pamene a Lorenso anasankha, ndipo anasankha ndi mtima wonse. Anatulutsa madigadi achitsulo, akuda, a mzere wagolide m'mbali, amene anawasunga zaka zambiri atawakulunga m'thumba la feteleza. Anthu angapo anawafunapo, iwo n'kuwamana. Anawapukuta ndi mafuta, nawayesa patayala, nalemba ndi msomali malo awiri pa foloko. Dzuwa litapendeka, benchi itatsala yokha, anatenga choboolera chawo chopukusa pamanja.

Chitsulo chikamabooledwa chimalimbalimba, chimatentha, chimatulutsa tizidutswa tonyezimira. Foloko ija sinachite chilichonse mwa zimenezi. Choboolera chinangolowa ngati m'dzungu, n'kutuluka fumbi lakuda ngati la makala, ndipo m'mphepete mwa bowo munatumphuka timaulusi. A Lorenso anagwira fumbilo, nalinunkhiza. Zaka makumi atatu za ntchito zinawauza pomwepo kuti alakwitsa.

Munthu wina akanalekera pa bowo limodzi. Iwo anaona kuti bowo limodzi ndi umboni, pomwe awiri ndi ntchito yomaliza, choncho anaboolanso mbali inayo. Pomanga bauti yachiwiri anamva kaphokoso kakang'ono, the! Atayang'anitsitsa anaona kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Anaikapo washala yaikulu, napakapo utoto wakuda. Kumbuyo sanayerekeze kuboola. Madigadi akumbuyo anawamanga ndi waya ndi legeni yomwe ija yomangira nkhuni, mfundo zake n'kuzibisa kunsi kuti zisaoneke.

Lamulungu sanadye bwino. Mayi Filomena anawafunsa ngati ndi malungo, iwo anati ndi kutentha chabe. Kutchalitchi anakhala kumbuyo, ndipo nthawi yonse ya ulaliki ankakonza mawu oti akamuuze mwana wawo. Mawuwo anali ochepa, osavuta, ndipo anawaloweza.

Lolemba m'mawa Chisangalalo anabwera atavala yunifolomu yochapa, chikwama cha mabuku a sikelo chili kumsana. Anapeza anyamata a kabaza atazungulira njinga ija, akuisisita.

"Madala ndinu akatundu," anatero mmodzi mwa iwo, dzina lake Golden. "Azungu anaiwala mabowo, inu mwawakumbutsa."

A Lorenso anatsegula pakamwa. Mawu oloweza aja anafika pammero, nakumana ndi maso a anyamata anayi, nabwerera. Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Uziyenda pang'onopang'ono, msewu ndi woterera."

"Takhuta, baba," anathokoza Chisangalalo, napalasa. Madigadi ankanyezimira mpaka anakhota pa chigayo.

M'mawa wonsewo sanakonze njinga ngakhale imodzi bwinobwino. Anamata chigamba pambali pa bowo la chubu, mwini wake n'kudabwa. Kawiri konse anatsamira panjinga yawo yakale kuti amutsatire, kawiri konse anadziuza kuti mwina foloko zachizungu zimalira chotero. Akulu anati safunsa anadya phula, koma uyu anachita kuuzidwa kuti ndi phula, n'kudya, n'kudyetsakonso mwana.

Cha m'ma leveni Golden anafika akupalasa moimirira. Alangizi agwa potsetsereka pa mtsinje, anatero, mkono wathyoka, chibwano chang'ambika, anthu awanyamulira kuchipatala chaching'ono. "Akuti mbuzi inadumphira mumsewu. Mbuzi za kuno, madala, tsiku lina zidzapha munthu."

A Lorenso anasiya bokosi la masipanala lili chitsegukire, chinthu chimene sanachitepo. Pakhonde la chipatala anapeza amayi a kusikelo atakhala mondondozana, ndipo onse anawapepesa. Wina anati tsoka silinunkha. Wina anati mwini mbuziyo afunidwe. Aliyense amene ankawagwira dzanja ankawawonjezera katundu, moti ankalakalaka pakanapezeka mmodzi wowatukwana.

Njinga inali itatsamira khoma, kutsogolo kwake atakukulunga ndi chitenje. Anafunsa kuti wakulunga ndani, ndipo mayi wina anati alangizi eni ake anapempha zimenezo asanawanyamule, ati kuopa fumbi. Fumbi m'nyengo ya matope! Anasenda chitenjecho pang'ono. Foloko inali itaduka mbali zonse ziwiri, ndendende pamabowo, mabauti awo akulendewera ndi madigadi.

Chisangalalo anali pabedi la kumapeto, mkono atautchinjiriza ndi timatabwa podikira ambulansi yopita ku Chikwawa. Chibwano chinali ndi thonje. Atawaona anayesa kumwetulira. A Lorenso anavula chipewa, naima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo.

"Kunalibe mbuzi," anatero.

"Baba, tsitsani mawu."

"Kunalibe mbuzi, mwananga. Ndine. Ndinaboola, ndinaona kuti si chitsulo, ndinamva ikung'aluka, ndinapakapo utoto. Ndinadziwa Loweruka. M'mawa uja ndimafuna kukuuza." Manyazi amene anawagwira anali oti sakanatha kumuyang'ana kumaso. Anayang'ana zala za mwana wawo zotupa zikutuluka m'nsalu.

Chisangalalo analankhula motsitsa, movutikira chifukwa cha chibwano.

"Ndinadziwa, baba. Nditangodutsa pa chigayo foloko inayamba kulira. Ndinatsika, ndinakanda utoto ndi chikhadabo, ndinauona mng'aluwo."

"Nanga osabwerera bwanji?"

"Ndikanabwerera bwanji? Anyamata aja anali akadali pabenchi. Akanandiona ndikukankha njinga yochokera m'manja mwanu, tsiku lomwelo, msika wonse ukuona. Ndinati ndipite nayo kutali, ikathyokere komwe kulibe okudziwani."

Panja ambulansi inaliza hutala. A Lorenso anakhala pansi, pasimenti penipeni, chipewa chili m'manja, ndipo anamwino atabwera ndi machira anachita kuwalambalala.