Nkholokolo ya Yosefe

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa. Tinkakhala ku Kasanda, kumene mphepo inkanyamula fumbi lotuwa pa mulu wa zotsalira za mgodi n'kudzalisiya m'mbale, m'tsitsi ndi m'mano. Bambo anabadwira komweko, agogo atachoka ku Malawi kudzafuna ntchito. Ntchito itatha, anayamba kupalasa njinga mpaka ku madambo a Lukanga kukagula nsomba zodzagulitsa ku komboni ya Bwacha.

Tsiku lina anabwera ndi kansomba kamoyo m'chigubu. Kanali ngati chikhatho changa kutalika, kopanda mamba, kamawangamawanga, ndevu zili lende. Atakavuula kanalira, kwee, kwee, ngati chitseko cha dzimbiri.

"Iyi ni nkholokolo," anatero bambo. "Osagwira chabechabe. Ikayopa imaimika minga, ndipo siibwerera."

Mng'ono wanga Yosefe anali ndi zaka zisanu, koma mawu ake anali owerengeka. Ankadwala m'mimba pafupipafupi ndipo ankapsa mtima popanda chifukwa. Tsikulo anaseka mokweza, mpaka amayi anatuluka m'nyumba kudzaona.

Bambo anaika kansombako m'bafa lachitsulo, n'kuponyamo miyala ndi chidutswa cha paipi. Anatiuza kuti nkholokolo sikonda kuwala. Masana imabisala pansi, m'mipata ya miyala ndi m'mizu ya bango, ndipo kukada imatuluka n'kumafufuza nkhono ndi tizilombo ndi ndevu zake. Kulira kuja, anati, si kwa pakamwa, koma ndi munga ukukhulana ndi fupa. Yosefe anadzipatsa yekha ntchito yokumba nyongolotsi, ndipo ankaswera pa bafapo.

Vuto linali madzi. Chitsekereni mgodi, mpopi unkatuluka pamene wafunira. Amayi ankatunga madzi ochapira m'ngalande yochokera ku mgodi, momwe ife ana tinkasambira. Koma nsomba ija bambo ankaitengera madzi ku Bwacha, pa njinga.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, bana Bwalya, anawaona akutsitsa chigubu ndipo anaseka.

"Ba Phiri, manzi ya mu ngalande muyopera nsomba. Nanga bana banu basamba kuti?"

Bambo anali akupukuta manja pa buluku. Analeka. Kenako anathira madzi aja m'bafa.

Ulendo wotsatira bambo anachedwa ku Lukanga, ndipo mpopi unauma. Madzi a m'bafa anayamba kununkha, nkholokolo n'kumabwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Yosefe anaitapa ndi chitini n'kuyamba ulendo wa ku ngalande, ine ndili pambuyo. Poitulutsa munga unamulasa chala, magazi n'kutsika, koma sanalire. Anaiika m'madzi mosamala.

"Kwawo," anatero.

M'mawa mwake tinaipeza m'mphepete, mimba ili m'mwamba, minga ili njo. Kaya inafa ndi madziwo, kaya inali itatheratu kale m'bafa, sindidziwa mpaka lero.

Bambo atabwera tinawalondolera pamalopo. Ndinkayembekezera lamba, koma iwo anathyola kamtengo n'kuyamba kuvundula matope. Anayenda m'mbali mwa ngalandeyo mtunda ndithu, akuvundulabe. Munalibe nkhono, munalibe mbululu, munalibe chilichonse choyenda. Atabwerera ananjuta pamaso pa Yosefe n'kumuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Kuyambira lelo palibe wolowa muno," anatero motsitsa mawu.

Kuchokera pamenepo ankawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, ndipo ankatisambitsa m'manja okha tisanadye. Zosamuka ankazinena kawirikawiri, koma kopita kunalibe.

Patapita zaka kunabwera azaumoyo kudzayeza magazi a anthu a ku Kasanda. Ndi pamene tinamva bwino za mtovu wochokera ku mgodi uja: kuti unali m'dothi, m'fumbi ndi m'matope, ndiponso kuti ukalowa m'thupi la mwana wamng'ono umawononga bongo. Mwa Yosefe anaupeza wambiri. Sukulu inali itamukanika kale. Lero ali ndi imvi, amakhala ndi ine ku Mukobeko, ndipo ukamutuma zinthu ziwiri amabwera ndi chimodzi.

Bambo akudwala matenda awo omaliza, ndinali kuwadyetsa phala pamene anakankha supuni.

"Nsomba ninaiganizira manzi," anatero. "Imwe bana banga sininaganize."

Ndinangowapukuta pakamwa. Sabata yomweyo anamwalira.

Yankho la mawu awo aja linandifikira ndili kale ndi ana anga. Bambo sanali munthu wosasamala. Anabadwira m'fumbi limenelo, anakwatiriramo, ndipo chakudya chathu chonse chinkachokera momwemo. N'kovuta kuti munthu akayikire malo amene amulera, ndipo amene ankadziwa zoona sanabwere kudzatiuza nthawi ikadalipo. Bambo atangozindikira, anachita zonse zimene munthu wa njinga imodzi akanatha. Mawu amenewa ndimawanena mumtima nthawi zambiri, koma oyenera kuwamva anapita asanawamve.