Yunifomu Imene Sindinavale

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pansalu yatsopano limandibwezera pakhonde la sitolo ina ku Nguludi, pamene agogo anga aamuna, a Sitima, ankakhala ndi makina awo osokera, phazi likupalasa, tepi ili m'khosi, tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi, mabelu a njinga zonyamula odwala akulira mumsewu wopita kuchipatala. Anali telala wa mayunifomu. Pa unyamata wawo anasokako ku Mozambiki, kenako ku Joni, n'kukakhalitsa ku Harare, kumene anabereka bambo anga. Masukulu a maiko onsewo ankawadziwira m'nsalu, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa kabudula wa mwana ankalandiranso phunziro limene sanapemphe.

"Ku Mozambiki mwana amakumana ndi Chipwitikizi tsiku loyamba, ngakhale kwawo amayankhula Chilomwe," ankatero, ulusi uli kukamwa. "Ku Joni kulibe za mafomu, ndi magiredi okhaokha mpaka twelofu. Ku Harare giredi seveni basi, kenako fomu wanu."

Sukulu zimene sankazidziwa bwino ndi za kwawo konkuno, poti ana awo onse anaphunzirira kunja.

Ine ndinabadwira ku Harare. Bambo atamwalira, mayi anaona kuti sangatikwanitse tonse, choncho ananditumiza kwa agogo, amene anali atabwerera kale kumudzi. Ndinafika mu Disembala nditangomaliza giredi seveni, ndipo ndinali nditakhoza bwino. Agogo sanafunse munthu. Anandiyeza, nasoka siketi ndi bulauzi ya sekondale ina yapafupi, n'kuzipachika pakhonde pooneka. Aliyense wodutsa ankauzidwa kuti: "Izi ndi za Chipo, mdzukulu wanga wa ku Harare. Januwale akuyamba fomu wanu."

Januwale atakwana tinapita kusekondaleko, agogo atavala jekete. Aphunzitsi aakulu anatilandira mwaulemu n'kutifotokozera modekha. Kuno pulayimale ndi zaka zisanu ndi zitatu, osati zisanu ndi ziwiri. Kusekondale ya boma munthu salowa chifukwa choti wamaliza, amachita kusankhidwa akalemba mayeso a sitandade eyiti, ndipo limodzi mwa mayesowo ndi la Chichewa, chimene ine ndinkangoyankhula mosakaniza ndi Chishona. Komanso chaka cha sukulu chinali chitayamba kale mu Seputembala, maina a olemba mayeso atatumizidwa.

"Ndiye mwanayu apite kuti, aphunzitsi?" anafunsa agogo.

"Akayambire sitandade seveni, bambo. Aphunzire kulemba Chichewa, chaka chamawa alowe eyiti."

Tinabwerera kunyumba. Patangopita masiku ochepa, agogo anagulitsa yunifomu ija kwa mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaiona ikudutsa pamsewu. Zinandiwawa kwambiri, ndipo agogowo ndinadana nawo. Anzanga a ku Harare anali mu fomu wanu, ine ati ndikakhale pansi ndi tiana timene tinali titayamba kale kunditcha mtchona. Ndinanena poyera kuti sukulu ndasiya.

Agogo sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, mayi. Wosapita kusukulu amagwira ntchito." Anandipatsa kampando, singano ndi chitini cha mabatani. Ntchito yanga inali kusokerera mabatani pa malaya a ana a eni ake ndi kusita mayunifomu akatha. Zala zinatupa, utsi wa simbi unkandiliza maso, ndipo madzulo ana ankabwera kudzayeza zovala zawo, ine n'kumawagwadira kupinda m'munsi mwa masiketi. Agogo ankangopitiriza nkhani zawo za Joni ndi Mozambiki ngati palibe chachitika.

Tsiku lina ndinaponya malaya pansi. "Inuyo agogo mumadziwa sukulu za dziko lonse lapansi, koma munandichititsa manyazi!"

Anaimitsa makina. Anatola malayawo, nawakutumula fumbi, nawapinda bwinobwino.

"Ndinalakwa, iwe Chipo, ndinayeza nsalu ndisanafunse," anatero. "Koma tamvera. Ine ndavekapo ana a maiko anayi, ndipo palibe dziko ngakhale limodzi limene ndinalowapo m'kalasi. Zonse ndimakambazi ndinkazimvera pakhonde ngati pano. Iwe maiko awiri akutsegulira chitseko, ukulirira kuti cha kuno chakubweza m'mbuyo pang'ono."

Sindinkadziwa kuti agogo sankatha kuwerenga. Miyeso ya anthu ankaisunga m'mutu, ndipo manambala a pa tepi okha ndiwo ankawazindikira. Anapondanso makina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lolemba lotsatira ndinakalowa sitandade seveni. Ndinali wamtali kuposa onse, ndipo teremu yoyamba Chichewa ndinalephera moti aphunzitsi anachita kuseka. Chaka chotsatira ndinalemba mayeso n'kusankhidwa. Agogo anamwalira ndili fomu thuu.

Lero ndimaphunzitsa pulayimale ku Ndunde. Kawirikawiri kumabwera ana ochokera ku Joni kapena ku Mozambiki, makolo awo akuganiza kuti kalasi ya uko ndi yomweyo ya kuno, ndipo nthawi zina ndine amene ndimawauza kuti mwana abwerere m'mbuyo. Sindiwanamiza kuti n'zosapweteka. Zaka zimene ndinataya sizinabwererenso, ndipo mpaka pano ndikaziganiza mtima umawawa. Koma mwana wotero akajomba, sindituma mnzake kukamuitana. Ndikaweruka ndimakwera njinga n'kupita ndekha kwawo, ndipo sindichokako asanandiuze tsiku limene abwerere.