Nkhanu za Lachinayi

Kuseri kwa nyumba yomwe tinkachita lendi ku Beech Grove kunali kabwalo ka kapinga, ndipo m'pamene ndinaonera koyamba chingwe chogwirira nkhanu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo, pakuti ku Indiana kulibe. Kuli minda ya chimanga ndi misewu yowongoka basi.

Chingwecho anabwera nacho ndi a malume a Fatsani, mlongo wawo wa amayi, omwe ankaphunzira ku South Bend. Mnzawo wina anawatengerako ku Maryland kokagwira nkhanu chaka cha m'mbuyo mwake, ndipo chibwerereni pakamwa pawo sipankachoka nkhanu. Anali atalonjeza kale Amalawi omwe ankapemphera nawo kuti Lamulungu likudzalo adzadya nkhanu mpaka kukana okha.

Chingwecho eni ake amachitcha trotline. Chinali chachitali moti chinazungulira kabwalo kathu kangapo n'kutsalako. Chodabwitsa n'chakuti chinalibe mbedza ndi imodzi yomwe. Ntchito yathu inali yomangirirapo makosi a nkhuku, kutambasula manja kenako khosi, kutambasula manja kenako khosi, dzuwa la Julaye likutiwotcha m'mutu, ntchentche za m'dera lonse zitamva uthenga. Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pampanda, n'kulowa m'nyumba mwake. Amayi anaima pakhomo atavala yunifolomu ya kuchipatala, akuyang'ana ndiwo zabwinobwino zikumangidwa pachingwe.

"Iwe Fatsani, popanda mbedza nkhanuyo igwidwa bwanji? Imadzimanga yokha?"

"Dyera, asisi," anayankha a malume. "Ikagwira nyama sifuna kusiya."

A dadi sankaufuna ulendo wokagwira nkhanu ku Marylandwu. Anakulira m'mapiri a ku Ntchisi, ndipo madzi opitirira m'mawondo ankawaonera patali. Koma ine ndinali nditalirira kupita, amayi anali ndi mashifiti sabata yonse, ndipo ananenetsa kuti mwana wawo sakwera boti ndi Fatsani yekha. Choncho Lachiwiri m'mawa tinanyamuka atatu, chingwe ndi makosi ake titachipinda m'kula, bokosi loziziritsira zinthu, momwe tinathiramo mchere ndi ayezi. Tinayenda tsiku lonse. Chimanga chinatha, kunabwera mapiri, mapiri anatha, kenako nditatsegula windo ndinamva fungo lomwe sindinkalidziwa, la matope ndi mchere.

Lachitatu tinalawirira kobwereka maboti m'mphepete mwa nyanja ya Chesapeake. A malume anali atawerenga malamulo onse, ndipo anatilakatulira njira yonse: laisensi anali atagula, utali wa chingwe anali atayeza, nthawi yoyambira ankaidziwa, kachitsulo koyezera nkhanu kanali m'thumba, ndiponso zazikazi sizitengedwa. Mkulu wobwereketsa maboti anawamvetsera mpaka kumaliza, kenako anangoloza kalendala. Lachitatu ongogwira mwachisangalalo saloledwa kutchera chingwe chotere. Lamulo limodzi lokhalo ndi lomwe linawaphonya a malume.

Titatuluka, anayamba kunong'oneza a dadi kuti tikayese doko lina, mwina kumeneko sachekinga.

"Alamu," anatero a dadi mosakweza mawu, "mapepala athu adakali ku imigireshoni. Ine sindingabwezedwe ku Ntchisi chifukwa cha nkhanu. Anthu ndikawauza chiyani?"

Nkhani inathera pomwepo. Vuto linali lakuti Lachisanu m'mawa a dadi ankafunika kuntchito ku Indianapolis, ndiye tinatsala ndi m'mawa umodzi wokha, wa Lachinayi. Lachitatu lonse tinalithera kusintha ayezi m'kula, ndipo pofika madzulo galimoto yathu munthu ankaidziwa ndi mphuno asanaione.

Lachinayi tinalowa m'madzi kum'mawa kukufiira. Sindinaganizepo kuti madzi angachuluke chonchija. Anali bata ngati galasi, nkhungu yopyapyala ikuyenda pamwamba pake, mbalame zazitali miyendo zitaima m'mabango osagwedezeka. Ndinaviika chala n'kulawa. Unalidi mchere, ndipo ndinaseka ndekha. A malume anaponya nangula ndi chigubu choyandama, boti likuyenda pang'onopang'ono, chingwe chikutsetsereka m'madzi khosi ndi khosi mpaka chonse chinakagona pansi. Kumapeto anaponyanso nangula wina ndi chigubu chake.

A dadi zonsezi sanazione. Anali atakhala pansi penipeni pa boti, jekete yoyandamitsa atamanga mpaka m'khosi, manja onse atagwira thabwa lokhalira, milomo ikuyenda. A malume anayenera kuwongolera injini. Ndiye neti yawaya ya mpini wautali, yomwe inali yoti agwire a dadi, anandipatsa ine.

Tinabwerera ku chigubu choyamba. A malume anakoka chingwe n'kuchikoleka pa kachitsulo kozungulira kotulukira m'mbali mwa boti, ndipo tinayamba kuchitsatira. Chingwe chinkakwera chokha kuchokera pansi, n'kudutsa pakachitsuloko, n'kumiranso kumbuyo kwathu. Ndinayang'anitsitsa m'madzi obiriwirawo. Kunabwera khosi lopanda kanthu, linanso lopanda kanthu. Kenako, pansi patali, ndinaona kamthunzi kakukwera. Kanakula, kanatuluka miyendo, ndipo mwadzidzidzi inali nkhanu yathunthu, itakumbatira khosi la nkhuku, ikudya mosatekeseka pamene ikukwezedwa kupita kudziko lomwe sikulidziwa. Zopanira zake zinali zabuluu, buluu wowala amene sindinamuonenso pa nsalu kapena penti iliyonse. Palibe chinaimanga. Inabwera yokha.

Ndinangoti kakasi, neti ili m'manja. Itafika pamwamba inandiyang'ana ndi timaso take ta pa timitengo, inasiya khosilo, n'kutsetsereka chammbali kubwerera kumdima.

"Thoko! Wolatu!" anakuwa a malume.

Ulendo woyamba wonse sindinagwire ndi imodzi yomwe. Ina ndinaigunda ndi mpini, ina inathawa mthunzi wanga, ina ndinaichedwera. A malume ankayang'ana wotchi, kenako dzuwa, thukuta lili kamukamu. Ndinkadziwa kuti akuganiza za anthu a ku South Bend, ndipo misozi inayamba kulengeza. Pamene tinkatembenuka kuti tiyambirenso, ndinamva mawu kuchokera pansi pa boti.

"Usamaidikire ifike pamwamba. Lowetsa neti pansi pake isanakuone."

Anali a dadi. Kani nthawi yonseyo ankasuzumira ndi diso limodzi. Ndinachita momwe ananenera, ndipo nkhanu yoyamba inagwera m'dengu ikukalipa, zopanira zili m'mwamba ngati munthu wofuna ndewu. A dadi anavala magulovu n'kuyamba kuziyeza ali chikhalire. Zoperewera ankaziponya m'madzi osayang'ana komwe zagwera. Patapita kanthawi anagwada. Kenako ndinangoona dzanja lawo lagwira mpini pamwamba pa langa, ndipo tinayamba kuwola limodzi, iwo akupumira m'khutu langa ngati athamanga mtunda.

Dzuwa litakwera tinakweza ina yaikulu kuposa zonse. Neti inalemera moti a malume anaimba mluzu. A dadi ataitembenuza tinaona kuti nsonga za zopanira zake n'zofiira ngati yapaka utoto wa m'zikhadabo, ndipo kumimba kwake kunali chimulu cha mazira achikasu chofiirira, chonga siponji, tinthu tating'onoting'ono tosawerengeka tikunyezimira padzuwa. Inali yaikazi. A malume anayang'ana m'dengu lomwe linali lisanafike ndi theka lomwe, anayang'ana nkhanuyo, n'kupumira m'mwamba.

Iyi a dadi sanaiponye. Anakwawira m'mbali mwa boti, anawerama mpaka chifuwa chinatulukira kunja, n'kulowetsa manja onse m'nyanja kufika m'zigongono.

"Pitani bwino, mayi," anatero.

Nkhanuyo inaima kaye m'madzi, miyendo yake yakumbuyo ikupalasa, kenako inatsika pang'onopang'ono mpaka mtundu wake unasungunuka m'kubiriwira kuja. A dadi anakhalabe chiweramire, manja ali m'madzi, akuyang'ana pansi pomwe sipankaoneka. Atadzuka malaya anali atanyowa, ndipo anandifunsa ngati kumunsiko kuli zinthu zina zambiri zotere. Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira masiku amenewo, kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu ngati ndawauza nkhani yaikulu.

Tinabwerako ndi dengu losadzaza. A malume anaziphika usiku womwewo titafika, n'kupita nazo ku South Bend zili mu ayezi, ndipo zinakwanira bwinobwino, chifukwa theka la omwe analonjezedwa ataziona anati iwo tizilombo ta miyendo yambiri chotere sadya.

Papita zaka tsopano. A malume anabwerera kumudzi, akuphunzitsa ku Zomba. A dadi tsitsi layera, ndipo ulendo wa tsiku lonse pagalimoto sangaupirirenso. Ine ndimagwira ntchito pakati pa mzinda wa Indianapolis, komwe ukafuna nkhanu umangodina pafoni, n'kubwera nazo pakhomo zili m'katoni, zotentha, zothira kale tsabola. Palibe amadzuka m'mamawa, palibe amafunsa kuti lero ndi lachingati. Tsiku lina tikudya ndi anzanga, mwana wa mmodzi wa iwo anajambula nkhanu papepala n'kuipaka chekeni chofiira, monga amazionera m'katonimo. Ndinamuuza kuti ikakhala yamoyo imakhala yabuluu. Anandiyang'ana, anayang'ana amayi ake, n'kupitiriza kupaka chofiira chake. Sindinalimbane naye. Nanenso ndikanangouzidwa, sindikanakhulupirira.