Ndani anachonga pa dzina la Ankolo Gondwe?

Lachinayi lapitali mayi wina analowa mu ofesi mwathu ku Greenwich atanyamula katoni ya makadi a ukwati, n'kuiika pa tebulo langa osapereka moni. Mmalawi kulowa pakhomo popanda moni? Ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino.

Anasolola khadi limodzi. "Tawerengani."

Ndinawerenga. Bambo ndi Mayi akutiakuti akukuitanani ku ukwati wa mwana wawo. Zilembo zagolide, pepala lokhuthala, ntchito yoti ukaiona umanyadira.

"Amuna anga tinawaika m'manda mwezi watha," anatero mayiwo. "Ndiye akuitana anthu ali kuti?"

Abale inu, ndinasowa kolowera.

Kuti mumvetse mmene tinafikira pamenepa, ndikuuzeni za kakampani kathu. Tilipo anayi basi. Timapangira anthu makadi, mapositala ndi mawebusaiti, ndipo makasitomala ambiri ndi anthu akwathu komweko. Mwini wake ndi Tadala, wobadwira konkuno, mwana wa anthu amene anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Pali Mutale wa ku Zambia amene amatumiza ntchito kosindikiza, pali ine wolemba mawu, ndiye pali Ankolo Gondwe, mnzawo wa malemu bambo ake a Tadala. Iwo amachokera ku Romford masiku atatu pa sabata, ndipo ntchito yawo ndi foni. Amaimbira makasitomala, kufunsa za ana, za matenda, za kumudzi, kenako kumapeto kwenikweni n'kufunsa za ntchito.

Masabata awiri apitawo Tadala anati watopa ndi timapepala tomata kukhoma. Tisankhe pulogalamu ya pakompyuta yolondolozera ntchito, yoti aliyense aziona kuti ntchito iyi ndi ya ndani, yafika pati, itha liti. Anapeza mapulogalamu awiri oti tiyese kaye mwaulere.

Mwaulere? Ku London kuno? Ine mawu amenewo akangotuluka ndimagwira thumba langa.

Wotsatsa malonda wa pulogalamu yoyamba anatiyankhula pa kanema, mano onse pamtunda. Anabwereza kangapo kuti chilichonse chizioneka poyera. Chioneke kwa ndani, bambo? Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Pulogalamu yakeyo imasunga mbiri ya chilichonse: wadina ndani, tsiku liti, nthawi yanji. Yachiwiri inali yofatsa, timabokosi tochonga basi, yosafunsa mafunso.

Ine ndinaima nji pa yachiwiri. Chifukwa chake ndinali nacho mumtima, sindinkachinena. Ndinkakayikira kuti Tadala akufuna umboni. Kuuza mnzawo wa bambo ako kuti akapume kunyumba si chinthu chapafupi, koma kompyuta ikanena kuti munthu uyu sabata yonse sanagwire kanthu, iwe umangotambasula manja n'kuti si ine. M'kompyutamo mulibe pochonga kuti Ankolo anakagona pa maliro ku Thamesmead, kapena kuti anatonthoza kasitomala amene anali atakwiya. Ndinauza Mutale zimenezi pa siteji ya basi, iye n'kuti, "Iwe, ni zoona. Ba mudala bazabachosa na laputopu."

Tadala anati tiyambe ndi yoyamba ija, sabata imodzi.

Apa ndiye panali vuto limene wotsatsa malonda uja sakanaliganiza ngakhale atagona tulo tamtundu wanji. Pulogalamuyo ukapatsa munthu ntchito, imamutumizira uthenga: wakuti wakupatsani ntchito, ithe pofika Lachitatu. Tangoganizani. Ine, mwana wadzulodzuloyu, dzina langa lituluke pa foni ya munthu wa imvi kuti ndamutuma, ndamupatsanso ndi tsiku? Mayi anga atamva akhoza kukwera ndege.

Ndiye tinachita chimene Amalawi timachidziwa bwino. Tinazimitsa mauthenga opita kwa Ankolo, tinati tisawavutitse. Koma kuti mzere wawo usaoneke wopanda kanthu pamaso pa Tadala, tinkalemba tintchito pa dzina lawo, ife n'kumatigwira tokha mwakachetechete, n'kuchonga. Ankolo ankangofika, kupachika jekete, kuimba mafoni awo, osadziwa kuti pakompyuta akutchuka ndi khama.

Imodzi mwa ntchito zimenezo inali yoimbira mayi aja kuti atsimikize mawu a pakhadi tisanasindikize. Mawuwo anatitumizira miyezi itatu yapitayo. Ndinailemba pa dzina la Ankolo, cholinga ndiimbe ndekha. Ndinaiwala. Lachiwiri m'mawa ndinaona dzina lawo lafiira psuu, chizindikiro choti ntchito yachedwa, Tadala ali pafupi kulowa. Ndinachonga msangamsanga kuti yatheka, mumtima ndikuti ndiimba masana. Mutale ataona chizindikiro chobiriwira anatumiza makadi kosindikiza. Ine masanawo ndinali ndi zina.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Ankolo maliro a amuna a mayi aja anapitako. Anakhala nawo mpaka kumanda. Akanangoona khadilo kamodzi, akanakuwa.

Musanditolere miyala msanga, owerenga. Inu simunachitepo? Kutchalitchi kwanu, mkulu uja amene aliyense amamulembera lipoti kuti asachite manyazi, munamufunsapo ngati akufuna kulemberedwa? Mu komiti ya ukwati, ndani amauza atcheya kuti holo simunalipirebe? Timati wamkulu sauzidwa, ndiye timazungulira, kumwetulira, kunena kuti zili mkati. Kwathu zimayenda chifukwa pali wina amene amakanong'oneza kuseri. Kuno tinatenga chizolowezi chomwecho n'kuchilowetsa mu chinthu chosadziwa kunong'ona.

Ndipo sindikuti mapulogalamuwa ndi oyera, ayi. Ndikuwakayikirabe. Amene anawapanga ankaganiza za ofesi imene aliyense amaitana mnzake ndi dzina loyamba, kumene kutuma bwana si nkhani. Ukamasankha, amakuonetsa mitundu yokongola ndi timizere tokwera ndi kutsika. Palibe amene amakufunsa kuti mu ofesi mwanu ndani amaopa kuuza ndani chiyani. Funso loyenera kuyambira ndi limenelo, koma ife sitinalifunse.

Mayi aja atachoka, Tadala anatsegula laputopu tonse tili pomwepo. Anawerenga mokweza kuti ntchito yoimba foni inali ya Ankolo, ndipo inachongedwa kuti yatheka. Anawayang'ana.

Ankolo anavula magalasi, kuyang'ana pa sikirini nthawi yaitali, kenako kuyang'ana ine, kenako Mutale. Munthu wamkulu sachedwa kuzindikira.

"Ndine," anatero. "Ndakula, mwanangu. Mutu wayamba kutaya zinthu."

Ine ndinakhala chete. Ndikulemba pano kuti mudziwe: ndinakhala chete, maso ali pa kiyibodi. Ndipo maganizo oyamba amene anandibwerera anali oti, mwaona, Tadala wapeza chimene ankafuna.

Lachisanu m'mawa Tadala anandiitana ndisanavule n'komwe chikhoti. Anatembenuza laputopu. Pansi pa ntchito ija panali kamzere kakang'ono kamene ine sindinkakayang'ana: dzina langa, Lachiwiri, nthawi yake. Pansi pa tintchito tonse ta Ankolo panali dzina langa kapena la Mutale.

Anandiuza m'Chingerezi chake chofatsa kuti anaziona Lachinayi lomwelo, ndipo anadikira tsiku lonse kuti ndilankhule. Anati pulogalamuyo ankaifuna chifukwa iye mwini ndi amene amaiwala, osati Ankolo. Kenako anandionetsa uthenga pa foni yake. Ankolo analemba kuti athokoza kwambiri chifukwa cha zaka zonsezi, koma Lolemba tisawayembekezere.

"You fix it," anatero Tadala. Kenako, koyamba chimudziwireni, anayesa Chichewa: "Upite."

Loweruka ndinakwera sitima ya ku Romford nditanyamula manyazi anga. Ankolo anandilandira bwino, kundifunsa za kunyumba, za mayi, za mvula kumudzi. Ndinadikira zonsezo zithe. Kenako ndinafotokoza zonse, kuyambira pa siteji ya basi paja. Ndinati tinkafuna kuwateteza. Ndinati unali ulemu.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndinadziwa kuti ndinu," anatero. "Zimenezo sizinandipweteke. Munthu amaiwala. Chinandipweteka n'chakuti sabata yonse munkandigwirira ntchito ngati ndine wodwala, ine ndikukupatsani moni m'mawa uliwonse."

Ndinati tinkaopa kuwatuma.

"Mukanangondituma, mwanangu. Ine dziko lino ndinatumidwapo ndi ana aang'ono kuposa inu, m'mafakitale, m'zipatala, zaka zambirimbiri. Sindinafe. Kumene ndinkati ndili pakati pa anthu anga ndi kumene andichotsa ntchito m'manja osandiuza."

Ndinawapempha kuti abwere Lolemba. Ndinati tiyatsa mauthenga aja, ndiwaonetsa podina, ndipo ntchito yoyamba ndiwapatsa ndine, dzina langa lionekere poyera.

Sanavomere, sanakane. Anandiperekeza mpaka pachipata, n'kuti ndipereke moni kwa Tadala.

Pulogalamu tasankha yoyamba ija, yosunga mbiri, ndipo amene anaipempha ndine. Ntchito ndaitumiza kale ku foni ya Ankolo: aimbire mayi aja, atipepesere, atsimikize mawu a khadi latsopano, pofika Lachitatu. Pakompyuta pakuonetsa kuti uthengawo anautsegula. Sanayankhe.

Inu kwanuko, ndi ndani amene mukumulemekeza mpaka kumusowetsa chochita, ndipo mukuganiza kuti iyeyo sakuona?