Zikhomo Pamanda a Amayi

Ndinanyamuka pa Nathenje Lachinayi m'mawa, mwezi wa Okutobala, tiyi ndisanamwe. Dzulo lake mlongo wanga Nabanda anali atandiimbira foni kuchokera kumudzi kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. "Achimwene, kumanda akhomako zikhomo. China chili pamutu pa amayi. Akuti pakhala pogona alendo." Ine ndine wa mtima wapachala, pa Nathenje palibe sadziwa. Mkazi wanga anasolola chikwanje m'chikwama changa n'kuikamo mabanzi awiri.

Minibasi yokafika pamphambano ya ku Bunda ndinalipira K3,000. Kondakitala anatipanikiza anayi pampando, n'kuwonjezera dengu la tomato pamiyendo panga. "Bwana, finyikani pang'ono." Ndinamufunsa ngati akundiona ngati siponji. Anthu anaseka, ine ayi.

Yopita ku Mitundu inali K3,500. Ndinakhala ndi mphunzitsi wina wa pulayimale amene nkhaniyi ankaidziwa kuposa ine. Anati kampani ina inapatsidwa chilolezo chokulitsa malo a alendo m'nkhalangomo. Pano alendo amabwera nyengo yozizira yokha, ndiye akufuna njira za njinga, za oyenda pansi ndi malo a matenti, kuti azibwera ngakhale m'dzinja.

"Kumayiko ena amatsetsereka pa chipale chofewa m'nkhalango za boma," anatero. "Chikasungunuka amapalasa njinga m'njira zomwezo. Nkhalango siigona chaka chonse."

"Nkhalango isagone, zake zimenezo," ndinatero. "Koma amayi anga agone."

Pa Mitundu ndinadya chipisi cha pachiwaya cha K1,500, mafuta ake akuda ngati a injini, n'kutsitsira thobwa. Wa njinga yamoto anayamba ndi K10,000, tinathera pa K8,000. Msewu ndi wafumbi, wa mabampu ogwedeza mano. M'madambo anthu anali kuthirira nazale za fodya, ndipo mapiri a Dzalanyama ankaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa lupsa.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Manda athu ndi msitu wowirira wogundana ndi malire a nkhalango, moti mlendo sangadziwe pothera za boma ndi poyambira zathu. Kumanda sitidula mtengo, sititolako ndi nkhuni yomwe. Ziliza mulibe, mitumbira yakale inafafanizika ndi masamba. Kunja kwa msituwo kunali amuna angapo a m'mudzimo olembedwa ntchito ndi kampani ija, atakhala pansi, zikwanje zili pambali. Kapitawo wawo anali msuweni wanga Lifa, amenenso ndi mkulu wa adzukulu okumba manda kwathu.

"Taonani, mkango wa pa Nathenje wafika," anatero Lifa. "Mwadya kale munthu panjira, kapena mwasungira ife?"

"Iwe galu, azakhali ako awakhomera chikhomo pamutu, iwe uli pano kuyang'ana?"

Anandikokera pambali n'kundifotokozera. Zikhomozo anakhoma ndi mayi woyang'anira ntchitoyo ndi woyeza malo wa m'tauni, Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Kuyambira Lolemba anyamata akhala akukana kulowamo kukalambula. Tsiku lina akuti muli njuchi, lina njoka, dzulo onse anadwala m'mimba. Kumuuza mayiyo zoona sangathe, chifukwa msitu womwewo ndi kumene amuna ovinidwa amachitira za mwambo, ndipo za kumeneko siziuzidwa kwa wosavinidwa, makamaka mkazi. Komanso zikamveka kuti mayiyo analowamo ndi mlandu, ntchito n'kuthera pomwepo.

"Ndiye mudwala m'mimba mpaka liti?"

"Timayesa atopa asamukira kwina."

Mayiwo anabwera, atavala jombo ndi chipewa, nkhope itatopa. Anati ndi a Mhango, kwawo ndi kumpoto. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, ena oti sindingalembe pano. Koma anandipatsa moni mwaulemu, akugwira mkono, ndipo mawu onse aja anandithawa. Ndinangoti, "Mayi, pamene mwakhoma chikhomo chanu m'katimo pagona amayi anga. Awa ndi manda."

Anavula chipewa. Anayang'ana msituwo, kenako Lifa.

"Bambo Lifa, sabata yonseyi? Ine ndimagula mankhwala a m'mimba!"

"Zina sitinena, madamu," anayankha Lifa akukanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Za mwambo zija inenso sindinatchule. Manda okha anakwana. Mayiwo anafuna kuthamangira kukazula okha, koma Lifa anawatsekereza ndi dzanja. Tinalowa awiri, iye patsogolo monga mdzukulu, akuwomba m'manja. Cha pa amayi ndinazula ndekha. Chinali chakuthwa, chansungwi, chomangidwa kansalu kofiira. Ndinafotsera dzenjelo ndi dzanja.

Titatuluka, a Mhango anatipempha tiwaonetse malo ena. Tinazungulira kuseri, mpaka pachitunda choyang'ana kumtsinje. Malo ndi abwino, mphepo ikuwomba, koma ndi zitsa zokhazokha ndi maenje akuda a uvuni wa makala.

"Mlendo sangalipire kuti agone padzuwa," anatero a Mhango. "Ndikawauza mabwana kuti tibzale mitengo, matenti adzabwere pambuyo. Akakana, ntchito ipita mbali ina ya nkhalango. Sindikunamizani."

Lifa sanasekenso. Ali ndi ana awiri ku sekondale, ndipo ntchito imeneyi ndi yoyamba ya malipiro apamwezi kufika m'mudzi mwathu. Pobwerera anangoti, "Mwawina, asuweni."

Ndinagona kwa Nabanda, m'mawa mwake n'kubwerera njira yomweyo. Mpaka lero yankho la mabwanawo silinabwere, ndipo ine sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Mayi uja sanalakwe kusankha malo. Anayenda mbali yathu yonse kufuna mthunzi, ndipo anaupeza pamalo amodzi okha, pamene amoyo timaopa kulowa ndi nkhwangwa.