Chifunga m'Thanki ya a Verkaik

A Teunis Verkaik anagwira ntchito yopenta sitima zapamadzi ku Vlaardingen mpaka msana unakana, koma anthu a mumsewu wawo za sitimazo sakumbukako. Amakumbuka thanki yagalasi imene inkawala m'chipinda chochezera, pafupi ndi windo lopanda katani. Munali tinsomba ndithu, koma mwiniwakeyo ankati nsomba ndi alendo chabe, eni nyumba ndi zomera. Anazibzala m'mizere, zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo, zofiirira pakati pa zobiriwira, ndipo ankazidulira ndi sizasi mosamala kuposa ndevu zawo. Chaka ndi chaka oweruza a kalabu ya osunga nsomba ankayenda nyumba ndi nyumba, kukhala pampando n'kumayang'ana thanki. Kwa a Verkaik ankasowa chodzudzula, poti madzi ankayera ngati mulibemo madzi.

Koma tisabise, munthuyu anali wamakani. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Marjolein anayamba kuwanyengerera kuti asamukire kunyumba yosungirako okalamba, kumene thanki yolemera chotero sailola.

"Bambo, masitepe awa adzakuphani tsiku lina."

"Iwe, tayang'ana madziwo," anayankha iwo. "Tsiku limene udzawapeze atachita mbuu, udzadziwe kuti mutu wanga wasiya kugwira. Udzandinyamule, sindidzatsutsa."

Ananena modzitama, poti madzi awo anali asanawachititsepo manyazi.

Kuzizira kutayamba mu Novembala, monga kumachitira kumeneko, m'mawa wina anaona kachifunga m'thankimo. Anapukuta galasi, kachifunga kali pompo. Mantha anawagwira, ndipo sanauze munthu. Anatunga madzi ena n'kuthiramo atsopano, mawa lake chimodzimodzi, koma chifunga chinkangokula. Lamlungu Marjolein anabwera ndi supu wa nsawawa, n'kuima kutsogolo kwa thanki.

"Koma madzi anuwa ndiye amayera, Bambo."

Mawuwo anawalasa mumtima. Anaona kuti mwana wayamba kuwanamiza mwachifundo, monga tichitira ndi wodwala amene watsala madzi amodzi. Supu uja sanamukhudze.

Tsono thanki iliyonse imakhala ndi sefa, ndipo m'kati mwake mumaundana litsiro lakuda. A Verkaik anatha zaka akulalikira achinyamata kukalabu kuti litsirolo ndiye moyo wa thanki, chifukwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa za nsomba. Ankati wotsuka sefa pampopi ndi bwino akawete miyala. Koma mantha alibe ulemu ndi nzeru za munthu. Tsiku la oweruza likuyandikira, iwo omwewo anamasula sefa, kuikwecha ndi madzi otentha a pampopi mpaka kuyera mbee. Sanalekere pomwepo. Anavundula mchenga wapansi kuti autsuke, mizu ya zomera n'kuduka. Pasanathe masiku, madzi anachitadi mbuu ngati mwatayikira mkaka, moti odutsa mumsewu ankaona. Mwiniwake yekha sanaone kusintha kwenikweni, poti kwa iwo chifunga chinali chomwe chija.

Wotsogolera oweruza anali a Arie Kooiman, mnzawo wakale amene ankalimbirana naye chikho chiyambire unyamata wawo.

"Mdala, khofi wako akadali wowawa ngati mankhwala?" anatero a Kooiman tsikulo litafika, akuvula chikhoti. Marjolein anaseka, n'kupita kukhitchini kukatenga chitini cha mabisiketi. Nayenso thanki anali ataiona polowa.

A Kooiman anakhala pampando uja, nthabwala n'kuthera pomwepo. Nsomba zinali zitaunjikana pamwamba, zikupuma movutikira, ndipo masamba ankasungunuka.

"Teun, sefa waichita chiyani?"

"Ndatsuka."

"Pampopi? Iweyo?"

"Chifunga chinakana kuchoka, Arie. Chiyambire Novembala."

"Novembala uti? Ine ndinadutsa pano mwezi umenewo, ndinasuzumira pawindo ngati mbala. Ndinabwerera kwathu nsanje ili tho, madzi ali mbee." Anaimirira, n'kuwagwira chibwano kuwatembenuzira kowala. "Tayang'ana kuno. Aa, mnzanga. Chifungacho chili m'maso mwakomu."

Inali ng'ala. Adokotala anaichotsa mosavuta, ndipo a Verkaik atabwerera kunyumba anaona bwinobwino, ndi maso atsopano, ntchito ya manja awo: nsomba zitayandama chagada, mizere ija itasanduka matope onunkha. Analira ngati mwana, osabisa.

"Bambo, zija munanena zija tiziiwale," anawapempha Marjolein. "Vuto linali maso, si mutu. Tibzala zina."

"Maso sanatsuke sefa, mwanawe. Ndinatsuka ndine, ndikudziwa chimene ndikuchita. Madzi unawaona wekha."

Marjolein anawachonderera kuti asasamuke, a Kooiman anabwera kudzawakalipira, koma makani aja anali asanathe. Anyamata a kukalabu anadzanyamula thanki ili gwaa, n'kusiya chizindikiro chake pakhoma.

Lero a Verkaik amakhala m'chipinda chapamwamba kunyumba ya okalamba, maso ali akuthwa ngati a mnyamata. M'mawa namwino akabweretsa mapiritsi ndi tambula ya madzi, iwo amaikweza chakuwindo n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali, mpaka mtsikanayo amatopa.

"Imwani, agogo. Mukufunamo chiyani m'menemo?"

"Palibe, mwanangu," amayankha. "Ndi oyera bwino. Mulibe chamoyo chilichonse."